Mowa wochepa mphamvu: kawerengedwe kake, kasankhidwe kake ndi misampha yake

Chimene chimaledzeretsa munthu ndi chimodzi chomwecho m'masese, mu Chibuku, mu Green, mu vinyo ndi mu kachasu. Dzina lake ndi ethanol. Chiwindi sichifunsa ngati mowawo wabwera m'chipanda ku Chinsapo kapena m'botolo lozizira ku Bwandilo. Chimalimbana ndi magalamu a ethanol amene alowa, basi. Choncho mowa wochepa mphamvu umathandiza pokhapokha ukachepetsa magalamu amene munthu wamwa pa tsiku ndi pa sabata. Ukalephera kutero, munthu wangosintha botolo.

Kawerengedwe kake

Botolo kapena chitini cha mowa wa kufakitale chimakhala ndi manambala awiri ofunika: kukula kwake m'mamililita, ndi mphamvu yake, yolembedwa ngati 4.7% alc/vol kapena ABV. Peresentiyo ikutanthauza gawo la ethanol m'chakumwacho. Kuti mupeze magalamu, chulukitsani mamililita ndi peresenti, kenako ndi 0.008. Nambala yomalizayi ilipo chifukwa ethanol ndi wopepuka kuposa madzi: mililita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 0.8. Kakyuleta ya pafoni ikukwanira.

Botolo la 330 ml la 3.7% lili ndi magalamu pafupifupi 10. La 330 ml la 4.7% lili ndi 12. La 330 ml la 5.7% lili ndi 15. Saida wa 330 ml wa 6% ali ndi 16, ngakhale amatsekemera ngati chakumwa cha ana. Paketi ya lita imodzi ya mowa wa masese wa 3.5% ili ndi magalamu 28. Botolo la vinyo la 750 ml la 13% lili ndi 78. Kabotolo ka 200 ml ka jini kapena burande wa 40%, kamene kamabisika m'thumba la buluku, kali ndi magalamu 64, kuposa mabotolo asanu a mowa wa 4.7%.

Azaumoyo ambiri amatenga magalamu 10 ngati muyezo umodzi. Ku United Kingdom malangizo a boma amati munthu asapyole mayuniti 14 pa sabata, omwe ndi magalamu 112 (kumeneko yuniti imodzi ndi magalamu 8), ndipo asawamwere tsiku limodzi. Amenewo ndi mabotolo 9 okha a 330 ml a 4.7%. Awa si malire a chitetezo chenicheni ayi, ndi malire a chiopsezo chocheperako. Mu January 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti suwononga thanzi.

Msampha woyamba ndi kukula kwa botolo. Mowa wa 3.7% ukakhala m'botolo la 500 ml uli ndi magalamu pafupifupi 15, chimodzimodzi ndi botolo la 330 ml la 5.7%. Munthu amene wasiya Special nkuyamba mowa wotsika mphamvu wa m'mabotolo aakulu, namwabe asanu monga kale, sanachepetse kanthu. Wangowonjezera maulendo a kuchimbudzi. Peresenti payokha sinena zonse, muziiwerengera limodzi ndi mamililita nthawi zonse. Komanso makampani amasintha mphamvu ya mowa nthawi ndi nthawi, ndiye dalirani zolembedwa pa botolo lomwe lili m'manja mwanu, osati zimene munamva zaka zapitazo.

Msampha wachiwiri ndi wofala kwambiri: kubwezera. Mabotolo asanu a 330 ml a 5.7% ndi magalamu 75. Asanu a 3.7% ndi magalamu 49. Kusiyana kwa magalamu 26 pa usiku umodzi ndi kwakukulu, ndipo kwa womwa Lachisanu ndi Loweruka lililonse kumakwana magalamu oposa 2,500 pa chaka. Koma munthu akamamwa mofunafuna kuti amve mmene ankamvera kale, amafika pa mabotolo 8, omwe ndi magalamu 78, ndipo wabwerera pomwe anali, ndalama zambiri zitapita. Thupi lozolowera limaitanitsa mlingo wake wakale. Nchifukwa chake chiwerengero cha mabotolo chiyenera kuikidwa musanayambe kumwa, mutu uli bwinobwino.

Madzulo a kokamwa

Musanachoke panyumba kapena kuntchito, sankhani chiwerengero, mwachitsanzo mabotolo atatu, ndipo tengani ndalama zokwanira amenewo ndi ya mayendedwe. Ndalama za pafoni zasokoneza njira yakaleyi, chifukwa thumba silikuthanso. Ena amasiya ndalama zambiri ku akaunti imene sangaifikire msanga, ndipo nzeru imeneyi si yoseketsa.

Idyani kaye. Ethanol wambiri amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo chakudya chimachedwetsa mowa kuchoka m'mimba kupita kumeneko. Nsima ya ndiwo zanyama, nyemba kapena mazira imagwira ntchito imeneyi bwino kuposa kanyenya wa pakati pausiku, amene amafika mowa utalowa kale. Chakudya sichichotsa galamu ngakhale imodzi, chimangoteteza kuti mowa usakwere mwadzidzidzi m'magazi.

Botolo loyamba lisakhale lothetsera ludzu. Mu October ndi November, Lilongwe akatentha, botolo loyamba limatha m'mphindi zisanu. Yambani ndi madzi, ndipo pakati pa botolo ndi botolo ikanipo madzi kapena chakumwa chopanda mowa. Yesetsani kuti botolo limodzi litenge ola lathunthu.

Kugulirana mowa mozungulira ndiko kumapha ndondomeko zambiri. Pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense amamwa mabotolo osachepera asanu ndi limodzi, pa liwiro la amene amamwa msanga kuposa onse. Nenani poyambirira kuti mugula nokha, kapena ikafika nthawi yoti akugulireni pemphani madzi kapena Sobo. Zivindikiro za mabotolo anu muziziika m'thumba la malaya: kuwerenga kwa pamtima kumasokonekera pa botolo lachitatu.

Kusakaniza mowa ndi Sprite kapena chakumwa china cha mandimu, theka ndi theka, kumatsitsa 4.7% kufika pafupifupi 2.4%. Zimathandiza ngati botolo limodzi la mowa latuluka matambula awiri ndipo mwamwa matambulawo pa nthawi imene mukanamwa mabotolo awiri. Vuto lake ndi shuga, amene ndi wambiri m'zakumwa zimenezi. Wodwala matenda a shuga asakanize ndi madzi a soda.

Pa jini, burande, wisiki ndi vodika pamafunika muyezo weniweni. Toti ya 25 ml ya 40% ili ndi magalamu 8, ya 30 ml ili ndi pafupifupi 10. Yothira ndi dzanja kunyumba kapena pa phwando imakonda kukhala iwiri kapena itatu mu tambula imodzi. Gulani kapu yoyezera, kapena gwiritsani ntchito supuni yoyezera ya 15 ml: masupuni awiri ndi toti imodzi. Toti ya 30 ml mukaithira madzi kapena toniki wa 200 ml mumapeza chakumwa cha pafupifupi 5%, chofanana ndi mowa wamba. Madziwo sachotsa ethanol, koma amatalikitsa nthawi yomwera ndipo amachepetsa kuwotcha kummero. Osasakaniza ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija: caffeine amabisa tulo ta mowa, munthu nkumadziona ngati ali bwino pamene magazi adzaza.

Za m'mawa mwake

Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu pafupifupi 7 mpaka 10 pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Khofi, kusamba madzi ozizira, msuzi wa mang'ina, zonsezi zimangodzutsa munthu woledzera. Titenge magalamu 8 pa ola. Woyamba kumwa 7 koloko madzulo, namwa mabotolo 8 a 5.7%, walowetsa magalamu 120, ndipo adzatha m'thupi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ngati ndi dalaivala wa minibasi kapena wa njinga yamoto ya kabaza, ndiye kuti anthu opita kuntchito kuchokera ku Area 25 kapena ku Likuni akuwanyamula mowa ukadali m'magazi. Mabotolo 8 omwewo a 3.7% amatha cha m'ma 5 koloko m'mawa. Apa ndi pamene mowa wochepa mphamvu umaonetsa phindu lake msanga.

Koma mowa wochepa mphamvu si chilolezo choyendetsa galimoto usiku womwewo. Lamulo la pamsewu la dziko lino limaika malire pa magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, pamene WHO imalimbikitsa 0.05 kapena kutsikirapo, chifukwa maso ndi manja zimayamba kuchedwa munthu asanafike pa 0.08. Amayi, komanso anthu ochepa thupi, amakwera msanga pa magalamu omwewo chifukwa matupi awo ali ndi madzi ochepa osungunulira mowawo.

Masese, Chibuku ndi thobwa

Mowa wathu wa makolo ndi wotsika mphamvu kale. Masese ofululidwa ndi chimera chokha sakwera kwambiri, chifukwa shuga amene chimera chimatulutsa mu ufa ndi wochepa. Chovuta chake ndi kuchuluka: amamwedwa m'malita, tsiku lonse. Malita atatu a 3.5% ndi magalamu 84.

Mowa umenewu ndi wamoyo, umapitirira kuwira ngakhale uli kale m'paketi, nchifukwa chake paketi ya Shake Shake imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya. Wa tsiku loyamba ndi wotsekemera komanso wofooka, ndipo ukagona masiku angapo pamalo otentha umawawasa ndi kukwera mphamvu. Wofuna wochepa mphamvu afunse watsopano.

Kwa amayi ofulula, chimene chimakweza mphamvu kwambiri ndi shuga wa m'sitolo. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita imodzi amawonjezera 1%. Ndiye kuti kilogalamu imodzi mu ndowa ya malita 20 imawonjezera pafupifupi 3%, zomwe zingakweze masese kuwirikiza kawiri. Kuti mowa ukhale wofatsa, musathiremo shuga, musawonjezere yisiti wa buledi, ugulitseni ukangopsa, ndipo mbiya kapena mgolo ukhale pamthunzi. Kuthiramo kachasu kuti makasitomala atame kuti ndi waukali ndi chinyengo choopsa, chifukwa womwa amamwa mlingo wa masese pamene akulowetsa magalamu a kachasu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalakwika pofuna kuchepetsa mphamvu kunyumba. China ndi madzi. Mowa wa 2% kapena 3% sungadaliridwe kuti upha tizilombo, ndiye kusungunula mowa wopsa kale ndi madzi a pachitsime osawiritsa ndi njira yofalitsira matenda otsegula m'mimba. Mzinda wa Lilongwe unaona mmene kolera anavutira mu 2022 ndi 2023. Madzi aliwonse owonjezera awiritsidwe ndi kuzizira atavundikiridwa. China ndi chimanga. Pali chizolowezi chosunga chimanga chowola, cha chuku, kuti ndi cha mowa. Chuku chimatulutsa poizoni monga aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika kapena kuwira kwa mowa sikumuthetsa. Chimanga chosayenera nsima sichiyeneranso mowa.

Thobwa ndilo chakumwa chabwino cholowa m'malo mwa mowa pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa maliro, koma nalo limatembenuka. Phala likathiridwa chimera nkugona, liwiritseninso bwino kuti muphe yisiti, lisungeni m'chiwiya chotsukidwa bwino chimene sichinasungepo mowa, ndipo limwedwe tsiku lomwelo kapena lotsatira. Likayamba kuchita thovu, kuwawasa ndi kununkha mowa, musapatsenso ana kapena amayi oyembekezera.

Kachasu sawerengeka

Kachasu alibe chipepala, ndipo mphamvu yake imasiyana ngakhale mu mtchezo umodzi: woyamba kudontha, wa mutu, ndi waukali kwambiri kuposa wotsiriza. Simungadziwe magalamu ake, choncho masamu onse a pamwambawa sagwira. Choopsa china ndi mowa wosadziwika kochokera, umene ena amausakaniza ndi methanol kapena spiriti wa m'mafakitale. Madzi sathetsa poizoni wa methanol. Zizindikiro zake zimachedwa, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24: kuona mwachimbuuzi, mutu waukulu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira. Anthu amaziyesa matsire nkumusiya munthu agone, ndipo ena amadzuka osaona, ena sadzuka. Woterowo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi botolo la zimene anamwa ndi onse amene anamwa naye. Pa mowa wa m'mabotolo, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, dzina la kampani ndi chivindikiro chosatsegulidwa.

Amene mowa wochepa mphamvu si yankho lawo

Mayi woyembekezera asamwe mowa wa mtundu uliwonse, chifukwa ethanol amadutsa kupita kwa mwana ndipo angawononge ubongo wake. Ana osakwana zaka 18 lamulo silibalola kugulitsidwa mowa, ndipo mowa wofooka ndi wotsekemera ndiwo khomo limene ambiri amalowera. Amene ali pa mankhwala a TB, amene ali ndi matenda a chiwindi monga hepatitis B, wodwala khunyu, ndi amene akumwa Flagyl asiyiretu. Amene ali pa ma ARV afunse kuchipatala, koma asadumphe mankhwala chifukwa choti amwa mowa: kudumphako ndiko koopsa kwambiri. Wodwala shuga amene ali pa insulin kapena glibenclamide adziwe kuti mowa ungatsitse shuga usiku ali m'tulo.

Mowa wolembedwa 0.0% kapena 0.5% ndi nkhani ina. Botolo la 330 ml la 0.5% lili ndi galamu imodzi ndi pang'ono, yosaledzeretsa. Ndi wothandiza kwa woyendetsa galimoto kapena wofuna kukhala ndi botolo m'manja pakati pa anzake. Koma kwa amene anasiya mowa atavutika nawo, fungo ndi kakomedwe kake zingadzutse chilakolako chakale.

Munthu amene amanjenjemera manja m'mawa, kutuluka thukuta, kapena kufuna kumwa kaye kuti agwire ntchito, thupi lake lafika podalira mowa. Ameneyu asasiye mwadzidzidzi payekha, ndiponso kuchoka pa kachasu kupita pa mowa wa 3% tsiku limodzi kungafanane ndi kusiyiratu. Angakomoke ndi kuphupha ngati wa khunyu m'masiku awiri oyamba, kapena kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu kulibe pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, ndipo zimenezi zimapha. Kuchepetsa kwake kuchitike moyang'aniridwa ndi achipatala. Mu Lilongwe thandizo lotere limapezeka ku gawo la matenda a maganizo la chipatala cha Bwaila ndi ku St John of God, ndipo wokomoka apite naye ku Kamuzu Central Hospital.

Pa thanzi la anthu onse

WHO inawerengera kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa 2.6 miliyoni padziko lonse. Zina ndi za ngozi zapamsewu, ndewu ndi kudzipha, zina ndi za matenda a chiwindi, mtima, sitiroko, TB ndi khansa. Mowa uli m'gulu loyamba la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa: ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri. Zifukwa zake ndi zingapo, koma mowa, makamaka pamodzi ndi fodya, ndi chimodzi mwa zimene munthu angathe kuchepetsa.

Chiopsezo cha matenda amenewa chimakwera ndi magalamu, ndipo pa matenda monga kuuma kwa chiwindi chimakwera mofulumira kwambiri kwa omwa kwambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti magalamu 25 ochotsedwa kwa womwa 100 pa tsiku amapulumutsa zambiri kuposa ochotsedwa kwa womwa mwa apo ndi apo. Pachifukwa chimenechi, kutsitsa pang'ono mphamvu ya mowa umene anthu ambiri amamwa kale, mwachitsanzo kuchoka pa 5% kufika pa 4.5%, kungachite zambiri kuposa kubweretsa mowa wa 0.0% wodula umene umangopezeka m'masitolo akuluakulu a ku Gateway Mall ndi ku City Centre. Kutsitsa koteroko kumachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a ethanol m'botolo lililonse popanda kupempha womwa kuti asinthe khalidwe.

Mayiko ena amagwiritsa ntchito msonkho ndi malamulo a kagulitsidwe. Ku Sweden masitolo wamba amagulitsa mowa wosapyola 3.5% okha, ndipo woposa apo umagulidwa m'masitolo a boma a Systembolaget. Ku United Kingdom, kuyambira mu August 2023 msonkho umatsatira mphamvu ya chakumwa, ndipo mowa wosafika 3.5% umalipira wochepa. Makampani angapo anatsitsa mowa wawo kufika pa 3.4%. Scotland inaika mtengo wotsikitsitsa pa yuniti iliyonse ya mowa mu May 2018, kuti mowa waukali usakhale wotchipa.

Kuno kwathu nkhani yagona pa mtengo. Wa ndalama zochepa ku Mtandire kapena ku Mgona sagula kakomedwe, amagula kuledzera, ndipo galamu yotchipa kwambiri ili mu kachasu ndi m'timabotolo ta mowa waukali. Boma linaletsa masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, koma midoli inalowa m'malo mwa masacheti ndipo achinyamata akuigulabe. Mowa wochepa mphamvu ukamadula kuposa waukali, udzamwedwa ndi okhawo amene ali pa chiopsezo chochepa kale. Ndipo msonkho ukakwezedwa pa mowa wa kufakitale popanda kuyang'anira wa m'makwalala, ena amangosamukira ku kachasu. Kuona kwathu nkwakuti msonkho uyenera kutsatira magalamu a ethanol, ndipo makhonsolo aziyendera malo ogulitsa mowa mosadukiza.

Pali chenjezo linanso. Mowa wofooka ungawonjezere nthawi zomwera m'malo molowa m'malo mwa waukali: botolo pa nkhomaliro, botolo pamene kale munthu ankamwa Fanta. Komanso mowa wa 0.0% umanyamula dzina ndi maonekedwe a mowa weniweni, choncho kuutsatsa ndi kutsatsanso mnzakeyo, ngakhale pamaso pa ana.

Eni mabala ndi okonza maphwando ali ndi mbali yaikulu imene safunika kudikira lamulo. Mowa wotsika mphamvu ukhale wozizira ndi wooneka kutsogolo kwa firiji, chifukwa wotentha palibe amene amaufuna. Madzi akumwa akhale aulere pa kaunta. Toti iyezedwe ndi kapu yoyezera, ndipo wogulitsa asapereke iwiri kwa amene wapempha imodzi. Pa ukwati, chakudya chiyambe mowa usanatsegulidwe, mabotolo a jini ndi burande asaikidwe pa matebulo kuti aliyense azidzithirira, ndipo mowa utsekedwe ola limodzi mwambo usanathe, thobwa, tiyi ndi madzi zikupitirira. Komiti isankhiretu madalaivala osamwa a magalimoto obweza anthu, mayina awo alembedwe pa tsiku la msonkhano womaliza, osati pa tsiku la ukwati.